Makhothi, Malasha ndi Anthu Wamba: Mafunso ndi Mayankho

Nkhani ya magetsi a malasha ikabuka, kaya pa wailesi kaya pabwalo la amfumu, mafunso ake sasintha kwenikweni. Tawasonkhanitsa pano, kuyambira apafupi mpaka ofunika kuwakhalira pansi.

Kodi magetsi a malasha amapangidwa bwanji, nanga amafika bwanji kukhothi?

Malasha amakumbidwa pansi, monga zimachitikira ku Mchenga m'boma la Rumphi kapena ku Moatize m'chigawo cha Tete. Akawotchedwa amawiritsa madzi, ndipo nthunzi yake imazunguza makina opanga magetsi. Kuti zimenezi zitheke pamafunika malo aakulu, madzi ochuluka oziziritsira makina, njanji kapena doko lobweretsera malashawo, komanso kotayira phulusa limene limatuluka tsiku ndi tsiku kwa zaka 30 kapena 40. Chilichonse mwa izi chimagwera pa munthu wina: mwini munda, msodzi, mayi wotunga madzi kumunsi kwa mtsinje, mwana wopuma utsi.

Malamulo a mayiko ambiri a mu Africa amati ntchito yotere isanayambe pachitike kauniuni woona mmene idzakhudzire chilengedwe ndi miyoyo ya anthu, ndipo anthuwo afunsidwe maganizo. Milandu yambiri ya malasha imabadwira pamenepa.

Ulipo mlandu umene anthu wamba anapambanadi?

Wodziwika kwambiri ndi wa ku Lamu, m'mphepete mwa nyanja ya mchere ku Kenya. Kampani ya Amu Power inkafuna kumanga siteshoni ya mamegawati 1,050 pamalo otchedwa Kwasasi, ntchito ya ndalama pafupifupi madola 2 biliyoni, ndipo ngongole yaikulu inkayenera kuchokera ku banki ya ku China ya ICBC. Malasha ake ankati azibwera pa sitima kuchokera ku South Africa. Tauni yakale ya Lamu, imene UNESCO inailemba m'kaundula wa malo ofunika padziko lonse mu 2001, ili chapafupi, ndipo anthu ambiri kumeneko amadya za usodzi ndi za alendo okaona malo.

Mu 2016 bungwe la boma loona zachilengedwe, NEMA, linapereka chilolezo. Gulu la anthu a m'deralo lotchedwa Save Lamu, mothandizidwa ndi maloya a Katiba Institute, linakadandaula kubwalo lapadera lomva nkhani zachilengedwe, National Environment Tribunal. Asodzi anakapereka umboni, akatswiri nawonso. Pa 26 Juni 2019 bwalolo linathetsa chilolezocho. Linapeza kuti anthu sanafunsidwe mokwanira: misonkhano yambiri inachitika kauniuni weniweni asanalembedwe, kotero anthu ankafunsidwa maganizo pa chinthu chimene sanachione. Linapezanso kuti nkhani ya kusintha kwa nyengo sinaunikidwe monga lamulo la ku Kenya la 2016 limafunira, ndipo mapulani a phulusa ndi kasungidwe ka malasha anali operewera. Kampaniyo inachita apilo, koma mu Okutobala 2025 khothi loona za malo ndi chilengedwe ku Malindi linagwirizana ndi chigamulo choyambacho.

Werengani zakazo bwino. Kuchoka pa dandaulo loyamba kufika pa chigamulo cha apilo panadutsa zaka pafupifupi 9.

Ndiye kuti khothi linaletsa malasha ku Kenya?

Ayi, ndipo apa ndi pamene ambiri amasokera. Bwalo la mu 2019 silinanene kuti malasha ndi oletsedwa. Linati njira imene chilolezo chinaperekedwera inali yolakwika, ndipo kampani ikafuna kupitiriza iyambirenso kauniuni n'kufunsa anthu moyenera. Khomo linatsala lotsegula.

Makhothi nthawi zambiri amaweruza kayendetsedwe ka zinthu, osati funso loti dziko lisankhe malasha, dzuwa kapena madzi. Limenelo amalisiyira boma ndi aphungu. Choncho mukamva pa wailesi kuti “khothi laimitsa ntchito ya malasha”, funsani kaye kuti laimitsa chiyani: ntchito yonse, chilolezo chimodzi, kapena langobweza nkhani kwa nduna kuti iionenso?

Nanga ku South Africa, kumene malasha ndiwo mwini magetsi, zinayenda bwanji?

Kumeneko milandu ilipo ingapo, ndipo iliyonse inakankhira malire patsogolo pang'ono. Woyamba unali wa siteshoni ya Thabametsi, pafupi ndi Lephalale ku Limpopo. Bungwe la Earthlife Africa Johannesburg, loimiridwa ndi maloya a Centre for Environmental Rights, linatsutsa chilolezo chake, ndipo pa 8 Malichi 2017 khothi lalikulu ku Pretoria linagamula kuti boma linayenera kuona mmene siteshoniyo idzakhudzire nyengo lisanavomereze. Nkhani inabwerera kwa nduna, Edna Molewa. Mayiyu analandira lipoti losonyeza kuti utsi wake udzakhala wochuluka kwambiri, koma kumayambiriro kwa 2018 anavomerezabe. Odandaula anabwereranso kukhothi, ndipo chilolezocho chinathetsedwa mu Novembala 2020, mbali zonse zitagwirizana.

Mu Malichi 2022 khothi lomwelo linagamula, pa mlandu wa mabungwe a groundWork ndi Vukani Environmental Movement, kuti mpweya woipa wa ku Highveld, kumene kuli masiteshoni ambiri a kampani ya boma ya magetsi ya Eskom, ukuphwanya ufulu wa anthu wokhala m'malo osawononga thanzi lawo. Kenako mu Disembala 2024 linathetsa chikonzero cha boma chowonjezera mamegawati 1,500 a malasha atsopano, poti boma silinasonyeze kuti linaganizira mmene chidzakhudzire ana. Mwa odandaula munali bungwe la achinyamata la African Climate Alliance.

Ngati makhothi sanaletse, chinapha ntchito zimenezi n'chiyani?

Ndalama. Siteshoni ya malasha imamangidwa ndi ngongole, ndipo wobwereketsa safuna kuika mabiliyoni pa chinthu chopanda chilolezo chokhazikika. Mlandu ukamatenga zaka, mabanki amayamba kuwerengeranso. Ku Thabametsi mabanki a Nedbank, Standard Bank ndi FirstRand anabwerera m'mbuyo, ndipo makampani a Marubeni ya ku Japan ndi KEPCO ya ku South Korea anatulukamo. Ku Lamu, zoti ICBC yasiya zinamveka mu Novembala 2020. Banki yomweyo inasiyanso ntchito ya Sengwa ku Zimbabwe mu 2021, ndipo mu Seputembala chaka chomwecho Xi Jinping anauza msonkhano wa United Nations kuti China sidzamanganso masiteshoni atsopano a malasha kunja kwa dziko lake.

Izi sizikuchepetsa ntchito ya makhothi. Chigamulo chinagula nthawi, chinaikanso poyera zikalata zimene zikanakhala m'kabati. Koma chikanangokhala pepala anthu akanapanda kuchinyamula n'kupita nacho kwa obwereketsa, kwa atolankhani ndi kwa aphungu. Gulu la deCOALonize ku Kenya linachita zimenezi kwa zaka.

Milandu yonseyi inali m'makhothi a m'dziko. Nanga makhothi a mayiko angapo ndi ati?

Okhudza dera lathu alipo anayi. Khothi la Africa loona za ufulu wa anthu lili ku Arusha. Ku Arusha komweko kulinso khothi la mayiko a kum'mawa kwa Africa, EACJ, koma ilo ndi la mayiko a mu East African Community monga Kenya, Tanzania ndi Uganda. Malawi, Zambia ndi Mozambique mulibe. Khothi la COMESA limamva makamaka nkhani zokhudza pangano la zamalonda, kotero dandaulo la utsi kapena munda silikwanamo bwino. Lachinayi ndi bwalo la SADC, limene nkhani yake ili pansipa.

Palinso komishoni ya Africa ya ufulu wa anthu ku Banjul, m'dziko la Gambia. Si khothi, zimene imanena ndi malangizo, koma ndi iyo imene mu 2001 inapeza boma la Nigeria lolakwa pa kuwonongeka kwa dera la Aogoni chifukwa cha mafuta. Chigamulo chimenecho maloya amachitchulabe pa milandu ya migodi mpaka lero.

Bwalo la SADC linapita kuti?

Linali ku Windhoek, ndipo munthu wamba ankatha kusumira boma lake kumeneko. Mu Novembala 2008 linagamula mokomera Mike Campbell ndi alimi anzake pa nkhani yolandidwa minda ku Zimbabwe. Boma la Robert Mugabe linakana kumvera. M'malo moti atsogoleri anzake alikakamize, anaimitsa bwalolo mu 2010, ndipo mu 2014 ku Victoria Falls anasaina pangano latsopano loti lizimva mikangano ya pakati pa maboma okha.

Pali amene ankaona ngati imeneyi ndi nkhani ya azungu a minda basi. Koma khomo limene linatsekedwa ndi lomwe akanalowera mlimi wa ku Moatize, wa ku Hwange kapena wa ku Karonga. Mu Disembala 2018 khothi loona za malamulo aakulu ku South Africa linagamula kuti Jacob Zuma analakwira malamulo potenga nawo mbali pa zimenezi, ndipo khothi lalikulu ku Tanzania linanena zofananako mu 2019. Milandu iwiri yonseyi anaiyambitsa ndi mabungwe a maloya. Ngakhale zili choncho, munthu wamba wa mu SADC alibebe bwalo la m'chigawo chake lokadandaulako.

Kodi Mmalawi angapite ku Arusha mwachindunji?

Angathe, pakuti mu 2008 Malawi inapereka chilengezo chololeza anthu ndi mabungwe kusumira boma kukhothi la Africa. Ndi mayiko ochepa amene anatero, ndipo ena monga Rwanda, Tanzania, Benin ndi Côte d'Ivoire anadzachotsa chilengezo chawo zigamulo zitayamba kuwawawa. Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe sanapereke chilengezo chotere, kotero anthu a kumeneko njira yawo ndi ya ku Banjul.

Komabe Arusha si poyambira. Muyenera kuyamba mwayenda njira zonse za kwanu mpaka kukhothi la apilo, pokhapokha mutasonyeza kuti njirazo kulibe kapena zikuchedwetsedwa mopitirira. Wosumiridwa ndi boma, osati kampani. Mlandu umakhala woti boma linalephera kukutetezani.

Akuluakulu amati mlandu suola. Kukhothi zili chomwecho?

Kukhothi umaola, ndipo msanga. Ku EACJ dandaulo liyenera kuperekedwa pasanathe miyezi iwiri chichitikireni chinthucho kapena chichidziwireni. Mabungwe a ku Uganda, Kenya ndi Tanzania anasuma mu 2020 kutsutsa paipi ya mafuta ya EACOP yochoka ku Hoima kupita ku Tanga, koma mu Novembala 2023 khothi linataya mlanduwo ponena kuti unabwera mochedwa. Oweruza sanafike n'komwe pa funso la minda ndi madzi a anthu. Khothi lomweli mu 2014 linaletsa Tanzania kumanga msewu wa tala wodutsa mu Serengeti monga unakonzedwera, kotero mphamvu lili nazo, koma kwa wofika pa nthawi.

Ku Malawi, wofuna kuti High Court iunike chiganizo cha ofesi ya boma amayenera kutero pasanathe miyezi itatu. Vuto lake n'lakuti anthu a kumudzi nthawi zambiri amadziwa za chilolezo akaona anthu oyeza malo akukhoma zikhomo m'munda. Ndi chifukwa chake tsiku limene munamva koyamba, ndi amene anakuuzani, muyenera kulilemba.

Boma likakana kumvera chigamulo, chimachitika n'chiyani?

Khothi la Africa la ku Arusha lilibe apolisi. Mu Meyi 2017 linagamula kuti Kenya inaphwanya ufulu wa anthu a mtundu wa Aogiek powathamangitsa m'nkhalango ya Mau, ndipo mu Juni 2022 linalamula kuti alipiridwe ndi kupatsidwa zikalata za malo awo. Mu Novembala 2023 nyumba za Aogiek ena zinagwetsedwabe. Chimene khothi lingachite ndi kukanena kwa atsogoleri a African Union, amene ambiri a iwo nawonso ali ndi zigamulo zawo zimene sanazimvere.

M'makhothi a m'dziko zinthu n'zosiyanako, poti wonyozera lamulo la khothi angathe kuimbidwa mlandu wonyoza khothi. Koma ngakhale pamenepo pamafunika wina wobwerera kukauza woweruza kuti zimene analamula sizinachitike. Khothi silidzuka lokha kukayendera malo.

Nanga Kam'mwamba, nkhani yake ikugwirizana bwanji ndi zimenezi?

Siteshoni ya Kam'mwamba m'boma la Neno, ya mamegawati 300, yakhala ikukambidwa kwa zaka zoposa khumi. Poyamba inkayenera kumangidwa ndi kampani ya China Gezhouba ndi ngongole ya ku Exim Bank ya China, malasha ake n'kumabwera pa njanji kuchokera ku Moatize. Ngongoleyo sinatuluke, ndipo ntchitoyo inadzaperekedwa m'manja mwa EGENCO kuti ifunefune ndalama kwina.

Kusiyana kwake ndi Lamu n'kwakuti pano si chigamulo cha khothi chimene chinaimitsa zinthu, ndi ndalama zokha, monga tafotokozera pamwambapa. Izi zikutanthauza kuti tsiku limene wobwereketsa angapezeke, mafunso onse amene anafunsidwa ku Lamu adzakhala akudikira: madzi adzachokera kuti ndipo ochuluka bwanji, phulusa lidzatayidwa pati, kauniuni amene alipo ndi wa chaka chiti, ndipo ndani anafunsidwa. Kauniuni wolembedwa zaka zambiri zapitazo sadziwa za nyumba, zitsime ndi sukulu zimene zamangidwa chilembereni.

Koma magetsi akuthimathima. Otsutsawa sakungotchinga chitukuko?

Funsoli ndi lachilungamo ndipo siliyenera kunyozedwa. Namondwe Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022, Malawi inataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Ku Zambia chilala cha 2024 chinaphwetsa Kariba, anthu n'kumakhala pafupifupi tsiku lonse opanda magetsi, ndipo siteshoni ya malasha ya Maamba, ya mamegawati 300, inali imodzi mwa zochepa zimene sizinkayang'ana kumwamba. N'zosadabwitsa kuti Zambia inavomereza kuikulitsa. Zimbabwe nayo inawonjezera mamegawati 600 ku Hwange mu 2023. Munthu wa chigayo kapena wowotcherera zitsulo akamati malasha abwere, sakulankhula zopusa.

Koma kufunsa mafunso si kukana magetsi. Siteshoni za malasha za Medupi ndi Kusile ku South Africa, za mamegawati pafupifupi 4,800 iliyonse, zinachedwa zaka zambiri, mtengo wake unakwera kutali ndi umene unalonjezedwa, ndipo zinasiyira Eskom ngongole yaikulu. Mu 2015 kampani ya Hitachi inalipira madola 19 miliyoni ku America pothetsa mlandu wokhudza ndalama zimene inapereka ku kampani yogwirizana ndi chipani cha ANC pa makontirakiti omwewa. Gawo lina la Medupi linaphulika mu Ogasiti 2021, ndipo chotulutsira utsi cha ku Kusile chinagwa mu Okutobala 2022, dziko lili kale mumdima. Ntchito ziwirizi sizinavutike chifukwa chofunsidwa kwambiri.

Palinso nkhani ya mgwirizano wogulira magetsi. Kawirikawiri kampani ya boma imalonjeza kulipira siteshoni kwa zaka 20 kapena 25, m'madola, kaya magetsiwo yawagwiritsa ntchito kaya ayi. Kampani ya magetsi ya boma la Zambia, ZESCO, inalephera kulipira Maamba mpaka ngongole inadutsa madola 500 miliyoni, nkhani n'kukathera kwa oweruza mikangano ya zamalonda. Ndalama zoterozo mapeto ake zimachokera mu mayunitsi amene inu mumagula.

Sindine loya. Chigamulo cha masamba 80 ndingachiwerenge bwanji?

Yambirani kumapeto. Masamba omaliza ndi amene amakhala ndi zimene khothi lalamula, zolembedwa ndi manambala: ndani achite chiyani, pofika liti, ndipo ndani alipire ndalama za mlandu. Mukatero bwererani koyambirira muone zimene odandaula anapempha, muyerekeze ndi zimene apatsidwa. Nthawi zina anthu amavina kunja kwa khothi atapatsidwa chimodzi mwa zisanu.

Pakati pa chigamulo samalani kusiyanitsa mawu a woweruza ndi pamene akungobwereza zimene loya wa mbali ina ananena. Ambiri amene amafalitsa zidutswa pa WhatsApp amagwa pamenepa. Fufuzaninso ngati pali apilo, komanso ngati khothi laimitsa kaye chigamulocho podikira apiloyo.

Zigamulo zambiri zimapezeka kwaulere pa intaneti: MalawiLII, ZambiaLII, SAFLII, Kenya Law ndi AfricanLII. Zili m'Chingerezi cholimba, choncho ndi bwino kuwerenga pagulu, mphunzitsi kapena wophunzira zamalamulo akumasulira ndime ndi ndime.

Ku Malawi ndingapemphe zikalata ziti, ndipo ndingasume ngakhale munda si wanga?

Lamulo loona zachilengedwe la 2017 linakhazikitsa bungwe la MEPA, limene limavomereza kauniuni wa ntchito zikuluzikulu. Lamuloli limapatsa munthu aliyense ufulu wokhala m'malo aukhondo, ndipo limalola munthu kupita kukhothi ngakhale asanasonyeze kuti iye mwini wavulazidwa. Lamulo lopezera uthenga, limene linayamba kugwira ntchito pa 30 Seputembala 2020, limakulolani kupempha zikalata polemba kalata, ofesiyo n'kuyankha pasanathe masiku 15 ogwira ntchito. Ikakana mungadandaule ku Malawi Human Rights Commission.

Pemphani lipoti lonse la kauniuni, osati chidule chake chokha, chilolezo pamodzi ndi mfundo zimene kampani inauzidwa kutsatira, ndondomeko yosamutsira anthu ndi mndandanda wa chipukuta misozi. Koposa zonse pemphani zolemba za misonkhano imene akuti anthu anafunsidwa. Onani tsiku, malo, chinenero chimene chinagwiritsidwa ntchito ndi mayina a amene anasaina. Pepala limene anthu anasaina polandira fanta ndi ndalama yoyendera limadzaoneka m'lipoti ngati umboni woti mudzi unavomera.

Ntchito ikaima, amene anauzidwa kuti asamuke zimawathera bwanji?

Awa ndi amene zigamulo zimawaiwala kawirikawiri. Alimi a ku Kwasasi anayezeredwa minda n'kulonjezedwa chipukuta misozi, ambiri anasiya kubzala mitengo ndi kumanga, ndipo anakhala zaka akudikira ndalama za siteshoni imene sinamangidwe. Ena mwa iwo ankaifuna ntchitoyo, osati chifukwa chokonda malasha, koma poti ndi yokhayo ikanawatulutsa m'chidikiro. Mlandu wa Save Lamu unali wa chilolezo cha zachilengedwe, kotero funso la minda yawo silinali patebulo la oweruza.

Kumene ntchito inapitirira nakonso sikunakhale kosalala. Ku Moatize kampani ya Vale inasamutsa mabanja oposa 1,300 cha mu 2009 ndi 2010, ambiri kupita ku Cateme, kutali ndi msika ndi mtsinje, ndipo mu Januwale 2012 anthuwo anatseka njanji podandaula za nyumba zong'aluka ndi minda yosabereka. Mu 2022 Vale inagulitsa mgodiwo kwa kampani ya Vulcan. Ku Mwabulambo m'boma la Karonga mgodi wa malasha wa Eland unatsekedwa mu 2015, maenje n'kutsala osakwiriridwa pafupi ndi midzi.

Choncho amene ayezeredwa malo afunse molemba zinthu zitatu asanasaine: tsiku lolipira, chimene chidzachitike tsikulo likadutsa, ndi amene adzasenze malonjezowo kampani ikagulitsidwa kapena ikachoka. Mlandu wa malo ndi wosiyana ndi wa chilolezo cha zachilengedwe, uli ndi nthawi yakeyake yosumira, ndipo uyenera kutsegulidwa pawokha.